Diresi Lisathe

9 Januwale

Mzime,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi bambo. Ine kuno ndilipo, kungoti miyendo ikutupa ndi kuimirira. Ndalemba kalata chifukwa pafoni sitimvana. Ndikayamba kulankhula iwe umati netiweki yavuta, ukandiimbira iwe ine ndimakhala ndili pantchito. Papepala sundidula mawu.

Nkhani ndi ya bambo. Zowatsekera m'nyumba iwe ukapita ndi galimoto yako ya buledi zithe. Munthu wodwala matenda oiwala satsekeredwa ngati nkhuku. Paja unati anaika nsapato mufiriji, ndipo akumafunsa mayi, amene tinawaika m'manda zaka zisanu zapitazo. Matenda amenewa sabwerera m'mbuyo, mlongo wanga. Ine ndimasamalira anthu otere tsiku ndi tsiku kunyumba yosungirako okalamba kuno, chino n'chaka chachisanu ndi chinayi, ndiye ndikamalankhula uzimva.

Pakufunika munthu wowasamalira masana. Malipiro ake ndizitumiza ine. Koma usangotola aliyense panjira chifukwa wakupatsa moni wabwino, ndimakudziwa iwe. Ndaikamo pepala la mafunso khumi, omwewo amene timafunsa ofuna ntchito kuno. Akhale ndi satifiketi ndiponso kalata ya kumene anagwirako. Funso lachinayi ndi lachisanu ndi chiwiri usalumphe: wodwala akakana kudya mungatani, nanga akafuna kutuluka panja mungatani. Ulembe mayankho awo, unditumizire.

Ukanakwatira bwenzi zina zikupepuka, koma poti unakwatira galimoto, tiyeni nazoni.

Ine chemwali wako.

27 Januwale

Achemwali,

Moni wochuluka. Ife tili bwino. Kalata yanu ndinalandira pamodzi ndi mafunso aja. Ndinadziyesa ndekha kaye, ndipo ndinagwa pa funso lachiwiri.

Ndinamata chidziwitso pachitseko cha sitolo ya mankhwala, ndiye Loweruka anabwera anthu atatu. Ndinakolopa pabalaza, ndinavala shati ya kolala, n'kukhala kuseri kwa tebulo ngati bwana.

Woyamba anali bambo wina wa matupi, kale anali mlonda. Nditafunsa lachisanu ndi chiwiri lija anati, "Kutuluka? Pali ine satuluka munthu." Ndinamuthokoza n'kumuperekeza pageti.

Wachiwiri ndi amene mukanamukonda inu. Mayi waukhondo, mapepala ake ali m'pulasitiki, satifiketi ya chidindo. Mafunso onse anayankha ngati anawalemba yekha. Ine ndikungowatchula kuti a Satifiketi.

Wachitatu anali mayi wachikulire, anabwera ndi ambulera kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Pepala alibe ngakhale limodzi. Anagwira ntchito yosita zovala zaka zambiri, kenako anadwazika apongozi awo mpaka kumwalira. Funso lachinayi anayankha kuti, "Zimatengera munthu wake." Lachisanu ndi chiwiri, "Zimatengera munthu wake." Ndinali nditawalembera kale mtanda.

Ndiye bambo anatulukira kuchipinda, tepi yoyezera ili m'khosi monga ankachitira ali telala. Anali atatulukirapo kale nthawi ya a Satifiketi, amene anawagwira dzanja bwinobwino n'kuwauza kuti, "Agogo, lero ndi Loweruka, muli kunyumba kwanu, khalani pansi." Bambo anakwiya n'kubwerera. Koma ulendo uwu atangoti, "Mayi, mwabwera kudzayezetsa?" mayiwo anatsamiritsa ambulera kukhoma, anaimirira, n'kutambasula manja. Bambo anawayeza mapewa, chiuno, kutalika, manambala akutchula osaphonya. Kenako anati, "Mubwere Lachinayi." Mayiwo anati, "Ndibwera Lolemba, abwana telala, ndizidzadikirira pompano." Achemwali, bambo anaseka. Ndinali nditaiwala kasekedwe kawo.

Ndiye ndalemba ntchito Mayi Ambulera. Mukalipa, ndikudziwa. Koma akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mukapeza mpata mutumize magalasi ena a bambo, aja anawakhalira.

Ine Mzime wanu.

14 Febuluwale

Mzime,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Zinazo sindinakondwe nazo. Ndinakutumizira mafunso khumi, iwe wasankha munthu amene sanayankhe ngakhale limodzi. Ukanandiuza kuti ukufuna munthu wodziwa kutambasula manja, sindikanavutika n'kulemba.

Kuno timaphunzitsidwa kuti wodwala sanamizidwa. Lero akuti ndine kasitomala, mawa adzati chiyani? Komabe poti wamulemba kale, ayesedwe mwezi umodzi. Iwe maso akhale pa iye. Undilembere zonse, ngakhale zimene ukuona ngati zazing'ono. Magalasi ndatumiza, usawaike pampando.

Kodi bambo amanditchulako?

Ine chemwali wako.

8 Malichi

Achemwali,

Moni. Magalasi afika, zikomo kwambiri, ndipo akugwira ntchito yeniyeni. Mayi Ambulera anandiuza kuti nditulutse makina osokera aja m'chipinda cha katundu. Ndinawapukuta fumbi, ndinathira mafuta, n'kuwaika pawindo la pabalaza. M'sutikesi ya mayi munapezeka nsalu yakale yabuluu ndi kachidutswa koyera.

Tsopano bambo amatsegula shopu 8 koloko m'mawa uliwonse. Amasamba osakakamizidwa, chifukwa akuti telala salandira makasitomala ali ndi manthongo. Masana mayi aja amati, "Abwana, tatseka kaye," ndiye amadya mbale yonse. Mapiritsi amamwa. Geti sakuligwedezanso ngati kale. Inenso ndayamba kuyendetsa galimoto mtima uli m'malo.

Zoti amakutchulani, ine sindinamvepo. Masiku ano satchula munthu. Ineyo amanditcha adalaivala, ndipo dzulo anandifunsa ngati abwana anga amandilipira bwino.

Munati ndizilemba ndi zazing'ono zomwe, ndiye nachi chimodzi. Bambo akusoka kadiresi ka mwana, kabuluu, kolala yoyera. Lachitatu galimoto inafa, ndinafika kunyumba cha m'ma 4 koloko. Bambo anali atagona pang'ono monga amachitira madzulo. Ndinapeza Mayi Ambulera ali pakhonde ndi lezala, akumasula mpendero ndi dzanja limodzi la diresilo, ulusi akuunjika pamwendo. Ndinati, "Mayi, akusoka zokhota?" Anati, "Ayi, mzere wawo ndi wowongoka kuposa wa anyamata. Kungoti mawa apezenso chochita." Anandipempha kuti ndisawauze. Nditawerengera ndapeza kuti diresi limodzi lomweli latha milungu isanu, kwa munthu amene ankasoka mayunifolomu asanu ndi limodzi pa tsiku. Ine ndinangoseka.

Ine Mzime wanu.

20 Malichi

Mzime,

Moni ndikupatsa, koma mtima wanga suli bwino. Kalata yako ndinaiwerengera m'basi, ndipo ndinalira anthu akundiona.

Kalumo kako kakuthwa kaja ndi kameneka? Bambo athu anasoka zaka makumi anayi. Ife tinaphunzira sukulu ndi phazi lawo lija lopalasa makina. Lero munthu wobwera azikhala pakhonde pathu n'kumaphwasula ntchito ya manja awo iwo ali m'tulo, iwe n'kumaseka? Kumeneko n'kutungitsa munthu madzi m'dengu. Akuwasandutsa chidole kuti iye azikhala phee tsiku lonse. Ndipo bwanji akuti usawauze? Chabwino sichibisidwa. Kuntchito kwanga kuno wochita zimenezi amachotsedwa tsiku lomwelo.

Wodwala amafunika kuona chimene wamaliza, achigwire m'manja, anthu amuyamikire. Ulemu wake ndi umenewo. Mayiyo umuchotse mwezi uno ukamatha. Uitane a Satifiketi ako aja, uwauze kuti chinthu choyamba awathandize bambo kumaliza diresilo. Ukapanda kutero, za malipiro uziona wekha. Sindikuopseza, koma sindingalipire munthu woti azinyoza bambo anga.

Ine chemwali wako.

19 Epulo

Mzime,

Uli bwanji? Mwezi watha osamva kanthu. Foni yako ikumangoitana. Ngati wakwiya nane, kwiya, koma undiuze za bambo. Diresi lija linatha? Anasangalala? Unditumizireko chithunzi.

Ine chemwali wako.

2 Meyi

Achemwali,

Moni. Pepani chifukwa chokhala chete. Foni yanu ndinkaiona, koma ndinalibe pakamwa poyankhira. Bambo ali moyo, ndiyambe ndi zimenezo. Koma anathyoka fupa la m'chiuno, ndipo adokotala akuti pa msinkhu wawo kuyendanso n'kokayikitsa.

Ndinachita monga munanenera. Tsiku lomaliza la Malichi ndinawapatsa Mayi Ambulera envulopu yawo nditaimirira pageti, injini ya galimoto ikulira, chifukwa ndinali ndi manyazi. Anati, "Achimwene, tingakhale pansi pang'ono?" Ndinati ndachedwa, buledi akudikira. Ndiye anangoti, "Chabwino. Koma diresilo lisathe." Ine ndinaganiza kuti ndi mawu a munthu wopsa mtima. Sindinafunse. Safunsa anadya phula, ndipo phulalo ndadya ndine.

A Satifiketi musawaimbe mlandu. Ndi munthu wa ntchito, nyumba inkawala, mapiritsi ankalemba m'kabuku. Anachita zimene tinawauza. Diresi linatha tsiku lachitatu. Anathandiza kuika mabatani, analisita, anawaombera bambo m'manja. Bambo anakondwa zedi, pamenepo munalondola. Masana a tsiku lomwelo a Satifiketi akuyanika zofunda kuseri, bambo anavala jekete, anakulunga diresi m'nyuzipepala, n'kutsegula geti.

Tinawafuna kumsika, kuchipatala, kumene kunali shopu yawo. Palibe amene anaganiza za sukulu yanu ya pulayimale ija. Paja anaigwetsa, pano pali malo ogulitsira matayala, ndipo msewu anaukuza. Wokonza matayala wina ndi amene anawapeza dzuwa litapendeka, atagwera mu ngalande ya simenti. Akuti bambo anaima pamenepo maola atatu, akufunsa aliyense wodutsa kuti, "Ana atuluka nthawi yanji? Ndabweretsa yunifolomu ya Kamphepo." Anthu ankangowalambalala. Atagwa, phukusi sanalitaye.

Munafunsa ngati amakutchulani. Yankho ndi limenelo. Dzina lanu laubwana lija, limene ndi inu nomwe munalisiya kalekale, iwo akadali nalo.

Anakhala m'chipatala milungu itatu, pano ali kunyumba. Makina ndawaphimba ndi nsalu chifukwa akawaona amafuna kudzuka. Kudya akudya masipuni awiri atatu. Salankhula kwenikweni. Zala zokha ndi zimene zimayenda pabulangete, ngati akukankhira nsalu pansi pa singano.

Diresi ndalichapa, ndakutumizirani. Ndi lanu.

Ine Mzime.

16 Meyi

Mayi,

Ndikupatsani moni mwaulemu. Kalatayi akupatsirani mlongo wanga. Pepani, ngakhale dzina lanu sindinafunse n'komwe, iye amangoti Mayi Ambulera. Ine ndine mwana wamkulu wa atelala aja, amene ndinalamula kuti muchotsedwe ntchito ndisanakuoneni nkhope.

Zimene zachitika mwamva. Ndinakuweruzani ndili kutali, ndipo ndinalakwa. Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, mundiuze zimene munkadziwa za diresi lija, chifukwa mlongo wanga sanakupatseni mpata. Chachiwiri, ngati mtima wanu ungalole, bwererani. Mafunso sipadzakhalanso.

Ine mwana wa atelala.

30 Meyi

Mayi mwana wa atelala,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ine ndili bwino, kaya inu kumeneko. Kulemba sindinazolowere, mukhululuke zolakwika.

Diresi lija linathapo kale kamodzi, sabata yoyamba. Atangodula ulusi womaliza anavala jekete n'kunyamuka. Sindinawaletse, chifukwa bambo anu ukawaletsa ndiye amathamanga. Ndinatenga ambulera n'kuwatsatira. Tinayenda mpaka pa matayala paja, tinaima padzuwa ndikuwafunditsa ambulera, mpaka ndinawauza kuti lero ana aweruka msanga. Pobwerera analira njira yonse. Ndipamene ndinaona kuti diresili likatha, ulendo umayamba. Likakhala losatha, amakhala pamakina mosangalala, akunena kuti mawa ndimaliza. Ndiye ndinkamasula pang'ono pokha, mpendero ndi dzanja limodzi. Kolala sindinaikhudzepo, anaisoka bwino kwambiri.

Nkhani ya diresilo ankandiuza tsiku lililonse. Akuti chaka chimene munayamba sukulu anachulukidwa ndi mayunifolomu a ana a eni, wanu n'kumangoti mawa, mawa. Inu munapita sabata yonse ndi diresi la pakhomo, anzanu n'kumakusekani kuti mwana wa telala alibe yunifolomu. Akuti munabwera mukulira. Zina zonse anaiwala, koma ngongole imeneyi yokha ikadali pamtima pawo.

Inenso ndili ndi mlandu wanga. Ndikanawauza achimwene anu poyamba pomwe. Chimene chinanditseka pakamwa n'chakuti mwana amene amawasambitsa Lamlungu, amene amawameta ndevu, amamutcha adalaivala, pamene tsiku lonse amatchula inu amene muli kutali. Ndinaona kuti ndikanena ndimupweteka mtima mwana wabwino. Ndinasunga mtima wa mwana, mwendo wa bambo n'kuthyoka. Usiku ndi usana ndimaganiza zimenezi.

Zobwerera sizitheka. Ndinayamba kale kusamalira agogo ena, amene anali mphunzitsi, ndipo andizolowera. Ndikawasiya ndiwachita zomwe zinachitika kwanu. Koma Lamlungu lapitali ndinakawaona bambo anu. Sanandizindikire. Ndinawaonetsa batani lothothoka pa juzi yanga, ndipo anatambasula dzanja kufuna singano. Phazi lapita, koma manja akadalipo. Amene akuwasamalira pano ndi munthu wabwino, mungomuuza kuti singano asaiope, azingokhala pafupi.

Musadzizunze kwambiri. Madzi akatayika saoleka.

Ine Mayi Ambulera, poti ndi limene mukulidziwa.

14 Juni

Mzime, mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino, ndipo ulendo uno ndikufunsa za iweyo. Ukudya? Ukugona? Miyezi yonseyi ndakhala ndikukutumizira malamulo, osakufunsa ngakhale kamodzi kuti wadzuka bwanji.

Phukusi lafika. Ndinalitsegula patebulo la kukhitchini, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka tiyi anazizira. Kadiresiko n'kakang'ono, mwendo wanga umodzi sungalowe. Mizere ya m'mpendero ili ndi timabowo tambirimbiri ta singano, pomwe ankasoka n'kusokanso.

Sabata ija ndikuikumbukira. Chimene bambo sanawauze mayi aja n'chakuti tsiku lachisanu ndinaima pakhomo pa shopu, makasitomala ali pomwepo, n'kukuwa kuti, "Telala wabodza." Yunifolomu anasoka tsiku lomwelo, ndinavala Lolemba, ine n'kuiwala. Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Sindinadziwe kuti iwo anatsala pakhomo pomwe paja.

Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikudyetsa makolo a anthu ena, ndikudziwa amene amafuna tiyi wopanda shuga ndi amene amaopa galasi. Za bambo anga ndinali ndi pepala la mafunso khumi. Iwe unaona bambo akuseka n'kusankha bwino, ine n'kukugwetsa ndi mawu a malipiro. Phula lija sunadye wekha, chigawo chachikulu n'changa. Ndikhululukire.

Kalata ya Mayi Ambulera ndaikamo, uiwerenge. Muli mawu ena okhudza iwe amene angakupweteke, koma zobisirana zatikwana. Bambo akutche adalaivala, palibe kanthu. Amene anatsala pakhomo ndiwe.

Ndapempha tchuthi cha miyezi iwiri, ndifika pa 3 Julayi. Udzandichingamire ndi galimoto yako ya buledi yomweyo. Ugule singano za pamanja, za bowo lalikulu, ndi ulusi wabuluu. A Satifiketi uwauze kuti lamulo langa lija lafafanizidwa.

M'mawa uno ndinagula lezala. Ndamasula mpendero wonse, kolala sindinaikhudze. Ndinadzicheka chala, koma nsalu sinadetsedwe. Ukawauze bambo kuti kasitomala wabweza diresi, mpendero wamasuka, ndipo akubwera nalo yekha. Uwauzenso kuti sakufulumira, adzadikirira pompo.

Ine chemwali wako,
Kamphepo.